Tinalembetsa Ulendo wa ku Zilumba

Amuna anga anaiona nyanja yamchere kamodzi kokha, ali mnyamata, amalume awo atawatenga pa sitima kupita ku Beira nkhondo isanatseke njira. Ine ndinali ndisanaionepo. Ndinabadwira m'mapiri a ku Mphunzi, m'banja la Akatolika olima chimanga ndi kabichi, ndipo madzi aakulu amene ndinkawadziwa anali a mtsinje wa Linthipe ukasefukira. Pamene tinkakwatirana ine ndinkaphunzitsa pa sukulu ya pulayimale pafupi ndi boma la Dedza, iwo akugwira ntchito yoyang'anira nkhalango ya paini. Tinkakhala m'nyumba ya boma, m'mphepete mwenimweni mwa mitengo, kumene chifunga chinkafika mpaka pakhonde n'kunyowetsa zovala pachingwe.

Zaka zinapitapo, mwana osabwera. Kawiri ndinaima, kawiri konse ndinapita padera. Anzanga onse anthu ankawaitana ndi mayina a ana awo, ine ndinangotsala "aphunzitsi". Achibale a amuna anga, Angoni a ng'ombe zawo, sankanena kanthu ine ndilipo. Ankangoleka kulankhula ndikalowa, n'kuyamba kufunsana za mvula.

Nditangoyamba kupezako bwino pambuyo pa padera lachiwiri, amuna anga anabwera kuchokera ku Lilongwe ndi kabuku ka zithunzi m'thumba la jekete. Anakaika pamiyendo panga. Munali zilumba zing'onozing'ono za m'nyanja yamchere, mchenga woti mbee, mitengo ya kokonati, ndi madzi obiriwira oonekera mpaka pansi. Pachithunzi china anthu anagona chafufumimba pamwamba pa madzi, atavala galasi kumaso, kapaipi kopumira katatulukira kumwamba, akuyang'ana nsomba. Azimayi onse a m'kabukuko anali atapakidwa inki yakuda kuyambira m'khosi mpaka m'mawondo. Masiku amenewo zithunzi zochokera kunja zinkayamba zadutsa m'manja mwa anthu a boma, ndipo paliponse pamene paoneka ntchafu ankapaphimba.

"Tipita," anatero amuna anga.

"Tipita kuti?"

"Komweku. Sabata imodzi yokha, mayi. Kumalo kumene kulibe munthu wotidziwa."

Ndinaseka, ndikuyesa nthabwala. Koma mwezi usanathe anagulitsa ng'ombe zimene malemu bambo awo anawasiyira. Achimwene awo aakulu anayenda wapansi kuchokera kumudzi kudzafunsa ngati zinali zoona, ndipo atamva yankho anakana ngakhale tiyi. "Ng'ombe za bambo mwazisandutsa madzi osamba?" anatero, n'kunyamula ndodo yawo.

Tinakwera basi Loweruka lina m'mawa kukalembetsa. Ofesi yake inali m'tauni yakale ya Lilongwe, ya chitseko cha galasi, mkati mozizira ngati kwathu mwezi wa Juni. Anatilandira mayi wina wa msinkhu wanga, wa tsitsi lalifupi, amene ankalankhula nafe ngati kuti anthu a ku Dedza amabwera tsiku ndi tsiku kudzafunsa za zilumba. Anatifotokozera kuti ulendowo ndi wa mtolo umodzi: ukalipira kamodzi, ndege ili momwemo, chipinda chogona, chakudya, ndi boti lomwe. M'mawa uliwonse boti limakutengani kupita ku chilumba china. Masana limaima pamalo pamene matanthwe a m'nyanja anazungulira madzi ngati mpanda, mafunde osalowamo, ndipo pamenepo ndi pamene anthu amatsikira kukaona nsomba.

"Mumatha kusambira?" anafunsa.

"Pang'ono," anayankha amuna anga, amene m'madzi opitirira m'chiuno anali asanalowemo.

Mayiyo anandiyang'ana ine, ndipo tonse awiri tinaseka. Anati tisade nkhawa, m'botimo amapereka chovala choyandamitsa munthu, koma ndi bwino kuzolowereratu kupuma ndi pakamwa. Anatsegula kabati n'kutulutsa galasi lija ndi kapaipi kake, zimene mlendo wina anaiwala, natibwereka. Anatisungira malo pa tchuthi cha Khirisimasi. Kenaka anayang'ana kuchitseko n'kutsitsa mawu.

"Nonse awiri ndinu a m'boma, eti? Ndiye pafunika chilolezo chotulukira kunja. Malo ndisunga, koma matikiti sindingalembe chilolezocho chisanabwere."

"Chimatenga nthawi yaitali bwanji?" ndinafunsa.

"Zimatengera," anatero, osanena kuti zimatengera chiyani.

Tinapempha chilolezo sabata yomweyo, aliyense kudzera kwa mkulu wake wa kuntchito. Tsono tinayamba kuphunzira madzi. M'kati mwa nkhalango, kunsi kwa thanthwe lalikulu, munali dziwe limene amuna anga ankalidziwa chifukwa cha ntchito yawo. Lamulungu lililonse tikachoka ku Misa tinkadya msanga n'kulowera kumeneko. Kunali kotentha, mwezi wa Okutobala, koma madzi a m'mapiri athu sadziwa chilimwe. Ndinalowa ndi diresi langa lakale, mano akugundana. Galasi lija linandikanikiza mphuno, ndinaona ngati munthu wanditseka kukamwa, ndipo ndinalivula n'kuliponya pamwala.

"Sindingathe."

"Yesaninso. Ndakugwirani."

Anaika dzanja lawo pansi pa mimba yanga, pamalo pamene kwa miyezi ingapo ankaopa kukhudza. Ndinagona pamadzi, ndinamiza nkhope. Poyamba ndinkangomva mpweya wanga ukulira m'kapaipi. Kenaka maso anazolowera. Ndinaona timiyala tofiira ndi toyera, masamba a chaka chatha atagona pansi, nkhanu ikuyenda cham'mbali itakweza zopanira zake ngati ikundikalipira, ndi manja anga omwe, aakulu modabwitsa. Ndinaseka ndili m'madzi momwemo, madzi n'kundilowa m'kamwa, ndinadzuka ndikutsokomola. Amuna anga anandiyang'ana nthawi yaitali. Anati anali ataiwala kaseko kanga.

Iwo anali ophunzira oipa kuposa ine. Miyendo yawo inkangomira, ndipo ankatukwana m'Chingoni chochepa chimene ankachidziwa. Masabata amenewo ndiwo anali abwino m'nkhani yonseyi.

Chimene chinaulutsa nkhani ndi chovala. Mayi wa ku ofesi uja anali atandiuza kuti m'boti sindingasambire ndi diresi, limalemera ndipo limakola miyendo. Ku Dedza kunalibe sitolo yogulitsa chovala chosambira. Ndinagula nsalu yabuluu n'kupita kwa telala wina amene ankasoka pakhonde la sitolo pafupi ndi msika. Ndinamufotokozera zoti chikhale cha manja, chotseka m'khosi, cha miyendo yofika m'mawondo. Anandiyeza osafunsa zambiri. Atamaliza anachipachika pachingwe pamodzi ndi mayunifolomu a ana asukulu, pamene aliyense wopita kumsika ankadutsa. Nthawi imeneyo mkazi sankaloledwa kuvala buluku, ndiye anthu ankaima n'kumafunsa kuti kabudula wa mabereyu ndi wa yani. Telalayo analibe chifukwa chobisira, ndipo ine ndinachita manyazi kukachitenga.

Sabata isanathe ndinamva ulendo wathu ukufotokozedwa m'njira zitatu. Azimayi a kutchalitchi ankati tikukafuna mankhwala a mimba kwa asing'anga a kutsidya kwa nyanja. Aphunzitsi anzanga ankati amuna anga apeza ntchito kunja. Ena, amene sankanena poyera, ankati tikupita osabwerera. Imeneyi ndiyo inali yoopsa, chifukwa anthu amene anachoka m'dziko osabwerera ankatchedwa zigawenga, ndipo ngakhale kulandira moni wawo kunkatha kumutayitsa munthu.

Ahedi anandiitana mu ofesi yawo. Anali bambo wachikulire, waulemu, amene sanandikalipirepo.

"Pempho lanu ndinalitumiza, mayi, musaganize kuti ndinalikhalira," anatero. "Koma ndifunseko monga kholo. M'dziko muno mulibe madzi? Ku Salima si patali. Mukanapita kumeneko palibe akanakufunsani."

Ndinati tikungofuna kukaona. Sindikanatha kuwauza kuti ku Salima tikanangotsika basi n'kukumana ndi munthu amene anaphunzira ndi mlamu wanga, n'kufunsa kuti ana tawasiya ndi yani.

Chilolezo sichinabwere. Sichinakanidwenso. Amuna anga akafunsa kwa akulu awo ankauzidwa kuti chili m'njira. Ine ndikafunsa ankati chili pa tebulo la munthu wina amene wapita kumaliro. Mvula inagwa, tinabzala kadimba kathu, dziwe lija linadzaza matope. Khirisimasi inatipeza pakhomo. Ndinakaimba foni ku positi ofesi, ndikudziwa kuti wolumikiza mafoni akumva zonse, ndipo mayi wa ku Lilongwe anati wasuntha malo athu kufika pa tchuthi cha Pasaka.

Miyezi imeneyo anthu othawa nkhondo ku Mozambique ankalowa tsiku lililonse. Malire ali pafupi kwambiri, malo ena ndi msewu wokha. Ndikamapita kusukulu ndinkakumana nawo atasenza mitolo, mbuzi pachingwe, ana kumbuyo, ena atamanga kale tizisakasa ta udzu m'mbali mwa msewu. M'kalasi mwanga munalowa ana atsopano amene ankadzigwetsa pansi lole ikaphulitsa utsi, poyesa kuti ndi mfuti. Ndinkachita manyazi kuganiza za nsomba za mawangamawanga pakati pa zoterezi, komabe ndinkaziganiza. Madzulo ndikamachonga makope ndinkapezeka ndikupuma ndi pakamwa, kuyeserera.

Tsiku lina amuna anga sanabwere kudzadya masana. Mnzawo wa kuntchito anadutsa panjinga, osatsika, n'kungoti abwera anthu awiri osavala yunifolomu ndipo apita nawo pa boma. Ndinakhala pakhonde. Sindinapite kukafunsa, chifukwa aliyense ankadziwa kuti wofunsa amawonjezera mlandu. Anansi athu, amene masiku onse ankabwera kudzapala moto, tsiku limenelo anadzera kuseri kwa nyumba.

Amuna anga anabwera dzuwa litapendeka, akuyenda okha, jekete lili pamkono. Sanamenyedwe. Anakhala pafupi ndi mbaula n'kutambasula manja ngakhale munalibe makala.

"Afunsa kuti kumeneko tikudziwako yani," anatero. "Ndati palibe. Afunsa kuti anatipatsa nzeru imeneyi ndani. Ndati ndinangoona kabuku. Ndiye mmodzi wa iwo akuti, munthu amene akufuna kubwerera kwawo sagulitsa ng'ombe za bambo ake."

"Ndiye mwati chiyani?"

"Ndanena zoona. Ndati akazi anga anadwala, ndimafuna akapume. Alemba." Anaika jekete lija pampando. "Afunsanso za kudziwe. Akuti tinkaphunzira kuwoloka chiyani."

"Kudziwe?"

"Akudziwa tsiku, akudziwa diresi limene munkavala."

Zimenezo zinandipweteka kuposa zonse. Ndinaganiza za mitengo ija yozungulira dziwe, yoima m'mizere, ndi munthu atakhala kuseri kwa umodzi mwa iyo akutiyang'ana ife tikuseka, dzanja la amuna anga lili pamimba panga. Mpaka lero sindidziwa kuti anali ndani. Kwa zaka zambiri ndinkapatsana moni ndi anthu a m'dera limenelo ndikudzifunsa.

Patapita masiku ochepa kunabwera amayi apampando wa azimayi a chipani m'dera lathu. Anali mayi wonenepa, wa mawu aakulu, wogulitsa mbatata ya kachewere pamsika, ndipo ankakhala benchi lakutsogolo kwathu kutchalitchi. Anakhala pampando umene ndinawapatsa, nayamikira maluwa anga, kenaka anati Mtsogoleri wa dziko akubwera kudzayendera mbewu m'chigawo chathu ndipo azimayi a ku Dedza akavina.

"Inu aphunzitsi mukhala mzere woyamba. Muli ndi msinkhu wabwino, komanso mulibe wakhanda wokugwirani mwendo."

Ndinafunsa kuti ndi liti. Anatchula sabata yomwe ija ya ulendo wathu.

"Kapena muli ndi zina zofunika kuposa zimenezi?" anafunsa, akundiyang'ana m'maso.

"Ayi, mayi."

"Ndimadziwa. Tiyamba mawa kukonzekera, mukaweruka."

Atachoka tinakangana ndi amuna anga, kukangana kwa manong'onong'o, mawindo titatseka masana. Zinali zitatembenuka. Iwo amene anabweretsa kabuku ankati tileke. Ine amene ndinaseka poyamba ndinkati tisunthenso, tidikire tchuthi chachikulu.

"Palibe watikaniza," ndinatero. "Ndionetseni munthu mmodzi amene wati musapite."

"Kukana kwake ndi kumeneku, mayi. Mukufuna achite kukulemberani pamphumi?"

"Ndiye ng'ombe zija zapita pachabe?"

"Ng'ombe zipite. Ine ndaona chipinda chimene anandiikamo. Chili ndi chitseko china kumbuyo, ndipo sindikufuna kudziwa kumene chimatulukira. Akanditenga, inu mutsala ndi yani? Abale anga?"

Tonse tinkadziwa mmene abale awo akanachitira ndi mkazi wopanda mwana.

Ku Lilongwe ndinapita ndekha, chifukwa amuna anga anati akaonekanso pakhomo la ofesi ija zikhala nkhani. Pa Linthipe achinyamata a chipani anaimitsa basi, tonse tinatsika kuonetsa makhadi a chipani, n'kukweranso. Mayi wa tsitsi lalifupi uja atandiona ndikulowa ndekha, galasi lake lili m'manja mwanga, sanadabwe. Anandikokera mpando.

"Munayesako?" anafunsa.

"Ndinayesa. Ndinafika pomatha ndithu."

"Munaona chiyani?"

"Nkhanu."

Anamwetulira, n'kutsegula buku lake. "Pafunika ndilembe chifukwa. Ndilembe chiyani?"

"Lembani kuti matenda."

"Ambiri ndimalemba choncho," anatero. Anati zina mwa zimene tinalipira zibwezedwa, zina ayi, ndipo anapepesa ngati kuti mlandu unali wake. Ndisanatuluke ndinamufunsa ngati iye anapitako ku zilumbazo. Anapukusa mutu. Anati amangozidziwa mayina ndi nthawi imene boti limanyamuka.

Masana aliwonse tinkakonzekera pabwalo la mpira, azimayi ochokera m'midzi yonse, ena atasiya minda ikufuna kupalira kachiwiri. Amayi apampando ankandikalipira kuposa onse. "Aphunzitsi, chiuno! Kumwetulira! Muli pamaliro?" Ndinkamwetulira. Tsiku lake litafika anatinyamula pa malole m'mamawa, tonse titavala nsalu ya nkhope ya Mtsogoleri. Tinadikira padzuwa kuyambira m'mawa mpaka masana osadya. Mtsogoleriyo atafika tinavina, tinaimba kuti zonse ndi zake, ife ndi ana athu omwe. Ndinali kutsogolo, pafupi kwambiri moti ndinaona fumbi pa nsapato zake. Wojambula zithunzi anagwada patsogolo panga, ndinamwetulira monga anandiphunzitsira.

Pobwerera mvula inatipeza panjira. Lole inalibe tenti. Azimayi anasiya kuimba, aliyense anadzifunditsa nsalu yake kumutu. Amayi apampando, amene akanatha kukhala kutsogolo ndi dalaivala, anakwera kumbuyo n'kudzipanikiza pambali panga. Mawu awo anali atasasa. Titayamba kukwera zitunda za kwathu anasendeza pakamwa pafupi ndi khutu langa.

"Anabwera kwa ine, anthu awiri aja. Kawiri. Amafunsa za inu."

Ndinayang'ana kumsewu.

"Ndinawauza kuti mayi ameneyu ndi wathu, mudzamuona nokha kutsogolo. Mukanakhala mzere wachitatu, kapena mukanadwala lero, sindikanakhala ndi chonena." Anapukuta madzi kumaso. "Kachovala kanu kaja ndinakatenga kwa telala. Ndinakang'amba, ndi zigamba tsopano. Musakafunse."

Ndinawayang'ana. Milomo yawo inali itachita buluu ndi kuzizira, ndipo ankanjenjemera ngati ine ndemwe. Sindinadziwe ngati akunena zoona, kapena ngati anali iwo amene anayamba kukanena za ife, n'kudzabwera pambuyo pake kudzatipulumutsa. Zonse ziwiri zinali zotheka, mwinanso zonse ziwiri zinachitika. Ankadikira.

"Zikomo, mayi," ndinatero. "Ambuye akudalitseni."

"Ndi ntchito yathu," anayankha.

Chithunzi chija chinatuluka m'nyuzipepala sabata yotsatira, ndipo ahedi anachimata pa bolodi la mu ofesi. Anansi anayambiranso kudzapala moto. Anthu awiri aja sanabwerenso. Za chilolezo sitinafunsenso, ndipo palibe anatiuzapo kanthu. Chaka chotsatira amuna anga anasamutsidwira ku nkhalango ina yakutali ndi msewu, popanda chifukwa chonenedwa, ndipo tinapakira katundu wathu pa thirakitala. Kumeneko tinakhala zaka zambiri, tinalera ana awiri a mng'ono wanga, ndipo kuvina kulikonse kukabwera ankanditumizira uthenga kuti malo anga akutsogolo alipo. Ndinkapita.